Sukulu ya kumishoni muziiyesera ku Sitandade 2

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka, kuparishi kwathu timazimvera m'tchalitchi. Nthawi ya zolengeza ikafika, a tcheyamani amaitana a hedi kuti abwere kutsogolo, ndipo a hedi amawerenga mayina a ana amene asankhidwa: uyu ku Mtendere, uyu ku Likuni Girls, uyu ku Dedza Government, enawa ku CDSS yapafupi. Nthungululu zimalira, amayi a kwaya amayambitsa nyimbo, ndipo potuluka mumamva anthu akuuzana kuti, "Sukulu ya kumishoni ndi ya kumishoni basi." Inenso ndimaomba nawo m'manja, poti ambiri mwa anawo adadutsa m'manja mwanga akadali a mamina. Koma ine ndimaphunzitsa Sitandade 2, ndipo mndandanda umene umabwera m'mutu mwanga ndi wina. Ndi wa anzawo amene ankakhala nawo pansi m'kalasi mwanga chaka chomwecho, amene lero ali pa ganyu wa kachewere, ena ali ndi mwana kumbuyo, ena adakwera basi kupita ku Lilongwe kukagwira ntchito ya m'nyumba.

Ndikulemba izi ngati mkatolika wobatizidwa ndili khanda, wa kumphakati, wopereka mtulo, osati mlendo woponya miyala ali kutali. Zimene ndakhala ndikuuza anzanga ku ofesi ya aphunzitsi, mpaka ena adatopa nane, n'zakuti chikatolika cha sukulu yathu tikuchiyesera pamalo olakwika. Timachiyesera pa mtanda umene uli pakhoma, pa mapemphero a m'mawa ndi pa chiwerengero cha osankhidwa. Ine ndimati zungulirani kuseri, ku buloko yakale ija yopanda chitseko, mukaone mmene tikusungira ana a zaka 6 ndi 7.

Kwa inu amene ana anu amaphunzira ku pulayiveti m'tauni, ndifotokoze kaye kuti sukulu ngati yathuyi ili ndi eni ake atatu. Malo, dzina la woyera limene lili pachikwangwani, ndi nyumba zakale za aphunzitsi ndi za mpingo, ndipo bambo mfumu ndiwo amaimirira mwini sukulu. Aphunzitsife ndife a boma. Boma ndilo limatitumiza, limatilipira, limatisamutsa. Silabasi ndi mabuku n'zake, ndipo amene amabwera pa njinga yamoto kudzationa tikuphunzitsa ndi a PEA, alangizi a zamaphunziro a boma, osati ansembe. Njerwa ndi za mudzi. Mudzi uliwonse uli ndi tsiku lake loumba, lotuta mchenga, lotema nkhuni zootchera uvuni, ndipo amfumu ali ndi kope lolembamo amene wajomba. Zinthu zikamayenda bwino, aliyense mwa atatuwa amati sukulu ndi yake. Mphepo ikasasula denga, makolo amati ndi ya ansembe, kuparishi amati ndi ya boma, kuboma amati funsani komiti. Ana amaphunzirira pansi pa bulugamu, mtambo ukada n'kuweruka.

Kale sizidali choncho. Ansembe a Montfort atafika ku Nzama, ku Ntcheu, mu 1901, a White Fathers ku Mua mu 1902, kenako kuno kumtunda ku Bembeke mu 1910, sukulu ndi tchalitchi chidali chinthu chimodzi. Mphunzitsi wa m'mudzi adali katekisiti yemweyo. M'mawa a e i o u ndi masamu, kenako katekisimu, Lamulungu n'kutsogolera mapemphero m'chisakasa chomwecho. Padalinso mpikisano. Adachi, amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, adali atakhazikika kale ku Mvera kuyambira 1889 ndi ku Nkhoma kuyambira 1896, choncho mudzi ukalandira mphunzitsi wa Aroma, Adachi ankathamangira mudzi woyandikana nawo. Agogo anga aakazi ankasimba kuti pa utsikana wawo ana a sukulu ziwirizo akakumana kumtsinje ankanyozana ndi nyimbo, ndipo ankaziimbabe nyimbozo ali okalamba, akuseka mpaka misozi. Mpikisano umenewo udali ndi zoipa zake, koma udabalalitsa sukulu m'midzi imene boma la atsamunda silikadaiganizira n'komwe. Ndi m'sukulu zoterezi mmene mudatuluka a Cornelius Chitsulo a ku Mua, Mmalawi woyamba kukhala episkopi wa mpingo wa Katolika.

Akuluakulu a kwathu akayamba nkhani ya nthawi imeneyo, kapena ya m'ma 1970 pamene asisitere ankayendera makalasi, saitha. Kudali mwambo, kudali ukhondo, mwana wa Sitandade 5 ankalemba kalata ya Chingerezi. Sindikana. Ndimangowafunsa kuti m'mudzi mwanu munkapita angati? Amayamba kuwerenga zala, ndipo dzanja limodzi limakwanira. Fizi idali yochepa kwa munthu wa pa ntchito, koma kwa mayi wolima ndi khasu idali yokwanira kusankha mwana mmodzi, kawirikawiri wamwamuna, enawo n'kumaweta mbuzi. Ndipo ngakhale nthawi imeneyo zinthu sizidali bwino monga amakumbukirira. Kalata ija ya maepiskopi imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992, anthu amaikumbukira chifukwa cha ndale, koma idadandaulanso za sukulu: kuthithikana m'makalasi, kuchepa kwa aphunzitsi ndi zipangizo, ndi kuchuluka kwa anthu osadziwa kulemba ndi kuwerenga. Kenako mu 1994 boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana adachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Aphunzitsi zikwizikwi adalembedwa ntchito ataphunzitsidwa masabata ochepa chabe. Ana a osauka aja amene maepiskopi ankawalankhulira adabwera, ali pakhomo pathu mpaka lero, ndipo ambiri a iwo amadzaza makalasi aang'ono.

Tsiku lathu limayamba ndi kusesa. Mu Juni ndi Julayi kuno kumapiri a Dedza kumazizira moti ana amafika manja ali m'khwapa, milomo itang'ambika, ena atafunda chitenje cha amayi awo pamwamba pa yunifolomu. Belu lathu ndi limu ya lole yopachikidwa pamtengo. Likalira amaima m'mizere, ndipo mwana wa Sitandade 7 amatsogolera: chizindikiro cha mtanda, Atate Athu, Tikuoneni Maria, nyimbo ya fuko, kenako a hedi ndi nkhani yawo ya tsitsi ndi zikhadabo. Lachisanu loyamba la mwezi timapita ku Misa. Nyengo ya Lenti kumakhala Njira ya Mtanda tikaweruka, Meyi ndi Okutobala kolona.

Komatu ana ambiri a m'kalasi mwanga si Akatolika. Muli a CCAP, a Seventh Day, a Mboni za Yehova, a mipingo ya chipentekoste imene yadzaza pamsika, Asilamu angapo, ndi ana a m'mabanja a gule amene sapita ku tchalitchi kulikonse. Ena amachokera kutsidya kwa msewu, ku Mozambique, poti m'madera ena kuno M1 ndiye malire, ndipo Chichewa chake n'chimodzimodzi. Palibe amene timamukakamiza kuchita chizindikiro cha mtanda, koma mwana wa zaka 7 safuna kusiyana ndi anzake. Pa Lachitatu la Phulusa mzere umatalika kuposa chiwerengero cha Akatolika, chifukwa palibe amene akufuna kubwerera m'kalasi pamphumi pali mbee. Chaka china mayi wina wa Mvano adabwera m'mawa mwake atagwira mwana wake padzanja. Ndidati lero kwavuta. Adagwada pang'ono, tidapatsana moni, kenako adati, "Madamu, uyu dzulo wakana kusamba, akuti ansembe amulemba. Ndimati mundiuze ngati n'zosafufuta, ndidziwe chowauza abambo ake." Tidaseka tonse, ndidafotokoza tanthauzo la phulusa, ndipo mayiyo lero ndi mmodzi wa ophika phala odalirika kwambiri.

Si paliponse pamene zimathera m'kuseka. Ku Balaka ndi ku Machinga nkhani ya hijabu m'sukulu za mipingo idafika potseketsa sukulu, mpaka mu 2021 atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu, mothandizidwa ndi bungwe la PAC, adasainirana mgwirizano woti atsikana achisilamu azivala hijabu yogwirizana ndi mtundu wa yunifolomu. Kwathu sizidafike pamenepo. Maganizo anga ndi akuti ngati talandira njerwa za bambo ake a mwana ndi malipiro a aphunzitsi ochokera ku msonkho wa aliyense, sitingamuuze mwanayo kuti ndi mlendo. Pempheroli tisalisiye, ndi lathu, ndipo makolo amene amabweretsa ana kuno amadziwa kuti ndi kumishoni. Koma chipata chikhale chotsekula.

Phala ndilo limasonkhanitsa anthu onsewa kuposa china chilichonse. Ndi la ufa wa chimanga ndi soya, lija limatchedwa likuni phala potengera mishoni ya Likuni. M'sukulu zambiri ufa wake umachokera ku mabungwe monga Mary's Meals, limene lidayamba ntchito yake m'Malawi muno mu 2002, koma moto, madzi ndi msana ndi za amayi a m'mudzi. Amasinthana midzi. Amene ili nthawi yawo amafika kusanache, nkhuni pamutu, mwana kumbuyo, n'kuyamba kutunga madzi pamjigo. Mphika wake ndi waukulu moti mthiko amaugwira ndi manja awiri ataimirira, utsi uli m'maso. Pamenepo simudziwa kuti wa Legio ndi uti, wa Mvano ndi uti, onse ali m'chitenje chakuntchito. Ana amabwera ndi makapu a pulasitiki omangirira ku chingwe cha chikwama, ndipo wopanda kapu amadikira mnzake amalize. Mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka, kaundula wanga amadzaza. Ndimaona ana ena akumwa theka, lotsalalo n'kulivundikira ndi kope kuti akapatse mng'ono wawo kunyumba. Sindiwaletsa, ngakhale lamulo limati limwedwe pompo.

M'kalasi mwanga mumakhala ana opitirira 100, pamene boma lenilenilo limati mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60. Amakhala pansi, miyendo atatambasula, kope pantchafu. Chiyambireni pulogalamu ya kuwerenga ya dziko lonse mu 2016, timayamba ndi malembo amene amapanga mawu msanga, aja timawatchula kuti anikumeto: a, n, i, k, u, m, e, t, o. Mwana akangodziwa anayi oyambawo angathe kale kuwerenga "ana", "ina", "kana". Njirayi ndi yabwino ndipo ndimaikonda. Vuto ndi khamu. Ndikaloza pabolodi n'kunena kuti "na", ana onsewo amayankha "naaa" mpaka malata kunjenjemera, ndipo wodutsa panja amati koma madamu awa akuphunzitsa.

Ife Akatolika kuyankhira pamodzi timakudziwa bwino, poti ndi mmene tidaphunzirira katekisimu: funso, yankho, tonse pamodzi, mpaka zilowe. Pa pemphero palibe cholakwika. Pemphero la pamtima ndilo limakugwira pamaliro kapena usiku kuchipatala, pamene mutu sukugwira ntchito. Agogo anga aja sankadziwa lemba ngakhale limodzi, koma kolona sadaphonyepo mpaka tsiku lomwalira. Kuwerenga ndiye n'kwina. Mwana amene amaloweza msanga angathe kuloweza tsamba lonse la buku, n'kumayendetsa chala pansi pa mawu, osadziwa lemba lililonse.

Ndidali ndi kamtsikana kena kochangamuka kwambiri, kamene kankatsogolera pemphero lotsekera m'kalasi mosapunthwa, mawu ake omveka mpaka kumbuyo. Tsamba lililonse limene tidaliwerengapo pamodzi kankalinena lonse, chala chili pabuku. Tsiku lina ndidakaitana patebulo nthawi ya buleki. Ndidaphimba chithunzi ndi chikhatho, n'kuloza liwu lomalizira pansi pa tsamba. Kadayang'ana liwulo, kadayang'ana kudenga, kenako kadacheukira mnzake amene adaima pakhomo, kuyang'ana milomo yake. Ndidaloza lina. Kadayambira pamwamba pa tsamba monong'ona, kuwerengera mawu ndi chala kuti kafike pamene ndalozapo. Nzeru zidalipo zochuluka, koma malembo kadali kasanawagwire. Amayi ake, amene timaimba nawo kwaya, nditawauza adakhumudwa. "Madamu, mwana uja amatiwerengera kunyumba usiku uliwonse." Ndidawabwereka buku kuti akayese okha, kuyambira pansi. Lamulungu lotsatira adandipeza kuseri kwa tchalitchi n'kundifunsa kuti tsono tichite chiyani.

Mwana wotereyu akapanda kugwidwa amabisala m'khamu mpaka Sitandade 3, Sitandade 4. Pofika Sitandade 5, pamene maphunziro onse kupatula Chichewa amatembenukira ku Chingerezi, pobisala pamatha. Amabwereza kalasi, amabwerezanso, thupi likukula, anzake amsinkhu wake ali kutsogolo, manyazi amamugwira. Tsiku lina amapita kukathandiza kukumba kachewere, sabata yotsatira sabweranso. Palibe amene wamuthamangitsa, ndipo palibe amene angamuloze chala. Ndicho chifukwa chake Sitandade 1 yathu ndi chinamtindi pamene Sitandade 8 imakwana m'chipinda chimodzi, aliyense ali pa desiki.

Ndipo chipinda chimenecho ndicho timachikonda. Chili ndi simenti yosaphulika, chitseko ndi loko. Aphunzitsi amene amadziwika kuti ndi akatswiri amapatsidwa Sitandade 8, pamene mphunzitsi watsopano, kapena wotopa amene akudikira kupuma, amatumizidwa ku makalasi aang'ono ngati chilango. Ana a mayeso amayamba 6 koloko m'mawa, amabwereranso masana, amaphunzira pa holide, ndipo mayeso akayandikira ena amagonera mu holo ya parishi, amayi n'kumasinthana kuwaphikira. Pa tsiku lotsekera sukulu mlendo wolemekezeka aliyense amanena mwambi uja wakuti m'mera mpoyamba, tonse n'kuvomera, koma zimene timachita n'kuthira feteleza chimanga chitamasula kale.

Sindikuti anzangawo ndi oipa mtima. Malo ku sekondale ndi ochepa, makamaka ku sukulu zogonera komweko zimene kholo lililonse limalota. Mayeso a MANEB ndi okhawo amene anthu akunja amaona, ndipo a hedi amayamikiridwa kapena kunyozedwa chifukwa cha iwo. Kholo limene mwana wake wapirira mpaka Sitandade 8 lili ndi ufulu wofuna kuti apatsidwe zonse. Koma zimenezi sukulu iliyonse imachita, ya boma, ya pulayiveti, ya mpingo uliwonse. Ngati ife tili ndi china chosiyana chochokera ku chikhulupiriro chathu, chiyenera kuoneka pa mwana amene sangatibweretsere ulemu uliwonse chaka chino.

Misa ya ana a mayeso ndimaikonda, ndisaname. Kawirikawiri imagwa mu Meyi, mwezi wa Amayi Maria. Amabwera atachapa yunifolomu, zolembera, marula ndi ziphaso zawo zili m'manja, a mipingo yonse, ndipo ansembe amadutsa pakati pawo akuwaza madzi odalitsa. Makolo amakhala kumbuyo, ena akulira. Wansembe wina amene tidali naye ankakonda kuwauza kuti madziwo salemba mayankho, amangochotsa mantha. Ndi pa Misa ngati imeneyo pamene ndidayamba kudzifunsa kuti bwanji sitichita chimodzimodzi mu Seputembala, kwa ana amene akuyamba kumene, aja amalira amayi awo akamabwerera. Ndidakafunsa ku khonsolo ya parishi. Bambo mfumu adavomera msanga kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo tsopano sabata yoyamba ya chaka timakhala ndi Misa ya Sitandade 1 ndi makolo awo. Phokoso lake losaneneka. Akatekisi amawasimbira za Kizito Woyera, wamng'ono pa onse mwa amaritiri a ku Uganda amene adaphedwa mu 1886, ndipo Misa ikatha ndimapeza mpata wolankhula ndi makolo onse pamodzi, chinthu chimene msonkhano wa PTA sudandipatsepo, poti kumeneko nkhani imakhala ya ndalama za mlonda.

Chida chachikulu chimene mpingo uli nacho, chimene boma lilibe, ndi mphakati, kagulu ka mabanja achikatolika oyandikana amene amakumana kupemphera ndi kuthandizana. Miphakati idalimbikitsidwa m'ma 1970, ndipo kuno kuchigawo chapakati dzina la Episkopi Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe silisowa pa nkhani imeneyi. Mphakati umadziwa zonse. Umadziwa amene akudwala, amene sadapereke mtulo, amene ali pa ukwati wosadalitsa, amene nkhokwe yake yatha. Koma kwa nthawi yaitali wathu sunkadziwa kuti mwana wa uje wasiya sukulu, kapena unkadziwa koma sunkaiona ngati nkhani ya pa mphakati. Tidagwirizana kuti tikatha kugawana Mawu a Mulungu, tisanafike pa zopereka, tizifunsana za ana amene sakuoneka kusukulu. Ine ndimabweretsa mayina, ndipo anthu awiri amasankhidwa kukacheza kubanjako. Sapita ngati apolisi. Nthawi zambiri amakapeza kuti vuto ndi sopo, kapena yunifolomu yang'ambika kumatako, kapena agogo amene akulera anawo adwala ndipo wamkulu ndiye akuphika.

Mkangano udabuka pamene ndidatchula dzina la mwana wa banja losapemphera. Mayi wina adati, "Ameneyo si wathu, tili ndi athu okwanira." Kudali zii. Kenako mkulu wina, amene salankhulalankhula pa mphakati, adati, "Buloko ya Sitandade 3 ija tidaumba ndi bambo ake a mwanayo. Tsiku limenelo simudati si wathu." Adapita yekha kubanjako mawa lake.

Ku Tilitonse, gulu la ana la kutchalitchi, nako tidalowetsako kuwerenga. Lamulungu ana akatha kumva Mthenga Wabwino, a Sitandade 6 ndi 7 amakhala pansi ndi ang'onoang'ono awiriawiri, atatuatatu. Poyamba tinkagwiritsa ntchito mabuku a nyimbo, poti ndiwo amapezeka m'nyumba zambiri, koma tidapeza kuti msampha ndi womwe uja: nyimbozo amazidziwa pamtima. Tsopano timadula makatoni a sopo ochokera kugolosale, n'kulembapo maphatikizo ndi makala kapena cholembera chachikulu, ka, ku, ma, me, ta, to, n'kuwasakaniza. Mwana amatola awiri, awerenge chimene chatuluka, kaya ndi liwu lenileni kaya ndi lopanda tanthauzo. Akatulutsa liwu loseketsa amagubuduka ndi phwete, koma wawerenga. Kamtsikana kaja kadagwira malembo pa makatoni amenewa, osati pabolodi langa.

Pa nkhani ya atsikana ndi pamene chikhristu chathu chimayesedwa kwambiri, ndipo sitikhoza nthawi zonse. Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, potsegulira tidapeza mipata m'makalasi akuluakulu. Lamulo lolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka lilipo kuyambira 1993, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Kumunsi kwa phiri lathuli, Inkosi Theresa Kachindamoto adatchuka dziko lonse lapansi chifukwa chothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu. Komabe mtsikana wina wa kwathu atabwerera ku Sitandade 7, mwana atamusiya kwa amayi ake, amene adadandaula kwambiri adali ena mwa ife opemphera. Ankati pa sukulu ya mpingo zimenezi zipereka chitsanzo choipa, akaphunzitsa anzake. Za mwamuna amene adamupatsa mimbayo, wamkulu ndithu, wokhala ndi banja lake, sindidamve wina akufunsa ngati akupereka chitsanzo chabwino. Amayi a mother group ndiwo adalimba, ndipo sisitere wina wokalamba adawathandiza pongopita kukakhala pafupi ndi mtsikanayo pa Misa ya sukulu. Sadalankhule kanthu. Madandaulo adazilala okha.

Anyamata awo ndi ganyu ndi dambwe. Mpingo ndi gule zidalimbana kwa zaka zambiri m'dera lino, ndipo sukulu ndiyo idali pakati. Masiku ano zidafewa. Ku Mua komwe mkangano udali woopsa kuli Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, kumene mpingo umasunga ndi kufotokoza chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao m'malo mochinyoza. Kwathu mafumu adagwirizana kuti zinamwali zizichitika pa holide, ndipo nthawi zina amatulutsa gule m'mawa kuti apirikitsire kusukulu ana ojomba. Zimagwira ntchito, musakayike. Kalasi imadzaza mpaka pakhomo, ana ali wefuwefu, ena atasiya nsapato m'njira. Funso limatsalira ine: ndawalandira, tsono ndiwapatsa chiyani choti mawa abwere okha?

Teremu yathayi ana akale a pasukulu pano amene ali ku Johannesburg ndi ku Lilongwe adasonkha ndalama pa gulu lawo la WhatsApp zogulira madesiki. Ku msonkhano wa komiti aliyense ankadziwa kale kumene apite: ku Sitandade 8, akalewo atsikire ku Sitandade 7. Ndidaimika dzanja. Ndidapempha kuti ndalamazo zikonze buloko ya ana aang'ono, ndipo mphunzitsi mmodzi mwa akatswiri aja atsikire ku Sitandade 1. A tcheyamani a komiti adati, "Madamu, ana aja pa desiki miyendo siifika pansi." Adanena zoona. Bambo wina adati osonkhawo akufuna chithunzi cha madesiki, osati cha simenti. Nayenso sadaname. Tidakangana mpaka dzuwa kupendeka, amfumu akuwodzera, bambo mfumu akuyang'ana wotchi chifukwa cha Misa ya kunthambi.

Madesiki adapita ku Sitandade 8. Ndalama zotsala zidagula matumba a simenti otsekera maenje a pansi m'makalasi awiri aang'ono, ndipo kalipentala wa pamsika akutikhomera chitseko ndi mabenchi aafupi, kuti makatoni athu ndi mabuku zizigona m'kalasi osadyedwa ndi mbuzi. Chimene sindinkayembekezera, a hedi adavomera zosuntha mphunzitsi. Mnzanga amene wakhala akuphunzitsa masamu ku Sitandade 8 kwa zaka zambiri ayamba Sitandade 1 mu Seputembala. Pakadali pano moni wanga akuyankha ndi mutu wokha, ndipo ku kwaya wasamukira mzere wakumbuyo. Dzulo adatuma mwana kudzabwereka buku langa la mphunzitsi la Chichewa, ndi uthenga woti ndisalifune msanga.